Kodi ngumbi zalakwa chiyani?



Mvula itagwa sabata yatha, mayi akunyumba anakatchera chulu cha kumunda kwathu. Anakwirira mphika, n'kufunditsa udzu pamwamba, m'mawa mphika uli tho ndi ngumbi. Anakazinga, kuyanika, kupeta mapiko pa lichero, kenako kukazinganso ndi kamchere. Mafuta ogula ayi, ngumbi zili ndi mafuta akeake.

Ndiye tili ndi mdzukulu wochokera ku Lilongwe, wabwera holide ya Khirisimasi. Atayang'ana m'mbale anati, "Agogo, izi ndi tizilombo, ine sindidya." Sindinamukalipire, ndi mwana, sanazolowere. Chimene chinandiwawa ndi msuweni wake wa pompano, mnyamata amene chaka chatha ankathamangitsa bwanoni mpaka kulowa kwa dzuwa. Naye anabweza dzanja, eti sazikonda. Mawa lake ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akubwira ngumbi zomwezo mobisa. Mwana wa zaka 9 kuchita manyazi ndi ndiwo ya kwawo!

Ine ndikuti manyazi amenewa ana sabadwa nawo. Amawatola kwa ife akuluakulu. Inu achimwene ndi achemwali a m'tauni, mukafika kuno mumanena ana akumva kuti "mukadyabe zimenezi?" Koma pobwerera ndinu nomwe mumanong'oneza alamu anu kuti akumangireni kajumbo ka ngumbi zouma. Ndikunama? Ndipo m'misika ya m'tauni momwemo zimagulitsidwa pa kambale, mtengo wake osaseka nawo.

Ife tinakula ndi ziwala, nkhululu zokumba m'munda, mafulufute ndi mphalabungu. Anzathu akunyanja amaumba nkhungu. Taonani nthawi imene zambiri mwa zimenezi zimabwera: dzinja, chimanga chikutha m'nkhokwe, ndalama yonse yapita ku feteleza. Januwale ndi Febuluwale, nyumba imene inayanika ngumbi mwana wake amadya nsima ndi ndiwo ya thupi, osati nkhwani tsiku ndi tsiku. Mwana akaphunzira kuzinyoza, mudzamugulira usipa kapena soya pisi masiku onse? Ndalama yake iti?

Pena amayi amene amaletsa ana ali ndi mfundo, ndisabise. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda mu 2017, minda yambiri tikupopera mankhwala. Ziwala za m'munda wopopera, ayi, mwana asagwire, ngakhale kwathu ndinaletsa. Chulu chimene munthu anathirapo mankhwala a chiswe nachonso chisiyeni. Koma muuzeni mwana chifukwa chake, osangomuuza kuti ndi zauve.

Wa ku Lilongwe uja sitinamukakamize. Dzulo madzulo ndinangomupatsa tochi ndi beseni la madzi kuti athandize anzake kutola pakhonde. Anakuwa, anaseka, anatola zodzaza kapu. Pokazinga analawa ziwiri, n'kufunsa ngati amayi ake ankadya ali mwana.

Amayi akewo ali pano pa Facebook, ayankhe okha.