Ubwino umayambira pa mkeka wodyera

 Sabata ino tiyankha kalata ya mayi wina wa mumzinda wa Blantyre, amene wapempha kuti dzina lake tisalitchule.

Mayiyu akuti alamu ake adamwalira chaka chatha ndi kusiya mtsikana wa zaka 11, amene mayi ake adatsogola kale. Pamaliro pomwepo abale adagwirizana kuti mwanayo akakhale kwa bambo ake aang'ono m'tauni, ndipo bamboyo adavomera osafunsa mkazi wake. Pakhomopo pali kale ana awiri, wolandira malipiro ndi mmodzi.

"Chakudya ndimam'patsa, pogona ali napo," akutero mayiyu. "Koma apongozi akuti ndine wouma mtima chifukwa mwanayo ndi amene amatsuka mbale ndi kutunga madzi. Kutchalitchi ndili m'bungwe la amayi, odwala ndimakawaona, pamaliro sindisowa. Nanga ubwino umene akufunawo ndi uti?"

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa. Poyamba ndinene za amuna anu: sadachite bwino. Kulandira mwana ndi nkhani ya anthu awiri, ndipo amene amayeza ufa tsiku ndi tsiku ndinu. Bambo, ngati mukuwerenga, pepesani kwa akazi anu lero lomwe. Kutchuka pamaliro kuti ndinu wachifundo, katundu n'kum'senzetsa mnzanu, ameneyo si ubwino.

Tsopano tibwere kwa inu, mayi. M'kalata yake kwa Agalatiya, mutu 5, Paulo adatchula ubwino pakati pa makhalidwe 9 amene adawatcha chipatso cha Mzimu. Taonani mawu akuti chipatsowo. Mtengo wa mango suberekera anthu odutsa m'njira okha, a pakhomo ndiwo amayamba kutola. Ngati ubwino wathu umaoneka tikavala yunifomu ya bungwe, n'kuuvula tikafika pakhomo, ndiye kuti tangomangirira zipatso zogula pa nthambi youma.

Amayi ambiri timakonda dzina la Dorika, wa ku Yopa uja wa pa Machitidwe 9. Mukumbukira amene adam'chitira umboni atamwalira? Adali amayi amasiye, atanyamula zovala zimene iye adasoka, n'kumazionetsa kwa Petro akulira. Mboni za ubwino wa munthu ndi anthu amene sakadatha kum'bwezera kanthu. Yesu naye pa Luka 14 adaphunzitsa kuti pokonza phwando tiziitana amene alibe choti atibwezere. Ndiyetu m'nyumba mwanu, mayi, munthu wotereyu alimo. Ali ndi zaka 11, ndipo alibe kwina kothawira.

Musandimve molakwa. Mwana kugwira ntchito zapakhomo si nkhanza ayi, tonse tidakula tikusesa pabwalo. Funso ndi lakuti, ana anuwo amagwira nawo? Ngati wamasiye akupukusa mapoto pamene anzake akuonera TV, mwanayo akuphunzira kuti iye ndi wantchito wosalipidwa, ndipo ana anu akuphunzira kuti pali anthu ena obadwira kuwatumikira. Mwaononga ana atatu nthawi imodzi. Gawani ntchito molingana ndi msinkhu, aliyense adziwe yake.

Chachiwiri, yang'anani pa mkeka wodyera. Tsiku la nkhuku, iye amalandira chiwalo chanji? Buledi akachepa, amene amamwa tiyi wopanda chotafunira ndani? Ana amaona zimenezi msanga kuposa ife akuluakulu. Ngati ndiwo zachepa, zichepe kwa onse. Umphawi wogawana mofanana mwana amauiwala akakula, koma tsankho amapita nalo kumanda.

Chachitatu ndi sukulu. Kuyambira 1994 ku pulayimale za boma salipira fizi, choncho palibe chifukwa choti mtsikanayu azijomba kuti alere khanda kapena agulitse mandasi. Makope ake muziwaona monga muchitira ndi a ana anu. Akalakwa m'dzudzuleni, pakuti munthu wabwino salekerera mwana. Koma pakamwa panu pasatuluke mawu akuti "ndiwe wobwera" kapena "ndikubweza kumudzi". Maliro a makolo ake asasanduke chikwapu.

Chachinayi chikukhudza banja lonse. Ngati malemu adasiya nyumba, munda kapena ndalama za kuntchito, mwanayu ali ndi gawo lake. Lamulo la za chuma cha masiye la 2011 lidaika kulanda katundu wa malemu kukhala mlandu. Mkhristu asadikire kuopsezedwa ndi khoti. Sungani za mwanayo, ndipo chimene mwagwiritsa ntchito pa iye muzilemba, abale aziona.

Nanga apongozi? Ubwino si kungoti inde pa chilichonse. Itanani ankhoswe, mukhale pansi ndi abale a mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo amalume ake a mwanayo. Muwauze mwaulemu kuti mwana mwam'landira, koma thumba la chimanga pokolola, nsapato kapena sopo zichokereko kwa iwo. Amene akudziwa kuloza chala adziwenso kutambasula dzanja. Kupempha thandizo sikuchotsa ubwino wanu, kumauteteza kuti usasanduke madandaulo.

Ndikudziwa kuti mtima suchita kulamulidwa. Mwina mukamuona mwanayu mumakumbukira kuti simudafunsidwe, mkwiyo wa kwa amuna anu n'kugwera iye. N'chifukwa chake ubwino ukutchedwa chipatso cha Mzimu. Mwa ife tokha timatha kuchita zabwino sabata imodzi, anthu akuona. Kuti tichite zaka 7 kufikira mwanayu atakwanitsa 18, pamafunika Mulungu atithirire tsiku ndi tsiku. Popemphera madzulo muzim'tchula dzina pamodzi ndi ana anu, iye akumva. N'kovuta kum'mana nyama mwana amene mwam'pempherera dzulo lake.

Werenganinso buku la Estere, mutu 2. Mordekai adatenga mtsikana wamasiye, mwana wa mbale wake, nam'lera ngati wobereka yekha, ali kudziko lachilendo. Pomulerapo sankadziwa kuti akulera mfumukazi imene idzapulumutse mtundu wonse. Sindikukulonjezani mfumukazi, mayi, pakuti ubwino woyembekezera malipiro ndi malonda. Koma akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nafenso tili ndi ana, ndipo palibe adziwa nyumba imene adzakulire.

Kwa inu nonse amene mukusunga mwana wa mbale, kapena wantchito wapakhomo, dzifunseni madzulo ano: atafunsidwa iyeyo ngati ndinu munthu wabwino, angayankhe chiyani inu mulibe?

Pitirizani kutilembera. Mulungu akalola tikumananso Lamulungu likudzali.