Mapaundi 500 a Anyamata a ku Manchester

Makolo anzathu, mwana akatipempha mpamba woti akajambulire nyimbo, ambirife timangoti n'zachibwana. Ifenso tidayankhapo choncho. Koma tamvani izi.

M'chaka cha 1977 anyamata a gulu la Buzzcocks ku Manchester adatulutsa okha chimbale cha Spiral Scratch, osadikira makampani akuluakulu. Ndalama zake, mapaundi pafupifupi 500, adakongola kwa achibale ndi anzao. Zimbale 1,000 zoyamba zidatha msanga, mpaka adagulitsa 16,000. Ena ataona adatengera, ndipo mu 1980 oimba odziimira paokha ku Britain adakhala ndi mndandanda waowao wa zimbale zoyenda malonda.

Nyimbo zake n'zaphokoso, makutu athu sazikonda. Chotizunguza mutu n'chakuti achibale aja adaonanji mwa anawo kuti apisire m'thumba chimbalecho chisanamveke n'komwe?