Mayi wa Fuko Sasankha Ana

Mukafika ku Harare, pamphambano ya misewu ya Samora Machel ndi Julius Nyerere, mumaona chiboliboli cha Mbuya Nehanda chomwe chidaimikidwa mu 2021. Mayi wa ku Mazowe ameneyu adanyongedwa ndi atsamunda mu 1898. Pa nkhondo yomenyera ufulu ya m'ma 1970, dzina lake lidalimbitsa mitima ya asilikali am'tchire. Lero ambiri amamutenga ngati mayi wa fuko.

Nako ku France ali ndi mayi wotere, dzina lake Marianne. Iyeyu sadabadwe kwa munthu. Ndi chifanizo chabe cha mkazi wovala chisoti cha ufulu, choimira boma la anthu lopanda mfumu. Ziboliboli zake zimakhala m'maofesi a makhonsolo. Germany itagonjetsa France mu 1940, boma la Vichy lidamuchotsa m'maofesi ambiri n'kuikamo nkhope ya mtsogoleri wake, Philippe Pétain. Chaka chomwecho bomalo lidakhazikitsa lamulo lofufuzanso unzika wa obwera, ndipo anthu pafupifupi 15,000 adalandidwa unzika. Mayi atachoka pakhomo, ana ena adasanduka alendo. Marianne adabwerera dzikolo litamasulidwa mu 1944.

Mbiri ya France si ya Zimbabwe, koma ikutifunsa funso ife a m'mafamu a Mashonaland: kodi ana a Nehanda ndi ati? Agogo athu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adakhetsa thukuta m'minda ya fodya ku Mvurwi, Karoi ndi Centenary. Mafamu atagawidwa kuyambira mu 2000, ambiri adatsala opanda ntchito, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidasiya ena opanda dziko.

Malamulo aakulu a 2013 adakonza zimenezi. Gawo 43 likuvomereza kuti munthu wobadwira muno malamulowa asadayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake lidali nzika ya dziko la SADC, ndiponso adali kukhala muno panthawiyo, ndi nzika yobadwa nayo.

Komabe fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Lamulo lili papepala, koma mwana wopanda chikalata chakubadwa amavutika polemba mayeso, ndipo wamkulu wopanda chitupa sangavote.

Choncho alangizi ndi atsogoleri a m'madera, lembani maina a onse opanda zitupa, muwathandize kupeza mboni, ndipo muwaperekeze ku ofesi ya kalembera. Chiboliboli sichiyankhula, koma chitupa chili m'manja mwa mdzukulu wa wogwira ntchito pafamu chidzanena ngati mayiyu ndi wa tonse.