Tepi yokha si mankhwala a dzimbiri

Mvula ikangoyamba kugwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, madandaulo a eni galimoto ndi njinga zamoto amafanana. Wina akuti sitata ikungoti kete osazungulira, wina nyali zikuphethira akagunda bampu, winanso batire yogula mwezi watha yaphwa kale. Ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa batire yachinyengo, ena mpaka kuganizira anzawo apasiteji kuti awachita chipongwe. Koma kawirikawiri wolakwa amakhala atabisala pansi pa tepi yakuda, pamene mawaya awiri anangopotedwa ndi zala n'kukulungidwa. Wolakwayo ndi dzimbiri.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma kwa anthu a m'maboma awiriwa ndi yokhudza moyo ndi thumba lomwe. Lole yonyamula mabelo a fodya kuchokera ku Malomo kupita ku Kanengo ikafera panjira, mlimi amagona pathengo kulondera thukuta la chaka chonse. Wakabaza amene wanyamula mayi wodwala usiku kupita kuchipatala cha Madisi kapena cha paboma la Ntchisi, nyali ikamuzimira pamtsetse, amaika miyoyo iwiri pachiswe.

Palibe amene ayenera kuseka munthu wodzikonzera yekha mawaya. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene mawaya, mafyuzi ndi zipangizo zambiri zokonzera zimachokera kunja. Amisiri odziwa za magetsi a galimoto amapezeka kwambiri m'malo ngati Mponela ndi Lilongwe, kutali ndi midzi ya kwa Nthondo kapena kwa Msakambewa. Kudzikonzera si mlandu. Cholakwika ndi kukonza mwa "bola yayaka" n'kuiwala kuti mawa kuli mvula.

Waya wa galimoto ndi wa kopa, ndipo m'kati mwake mumakhala timawaya ting'onoting'ono tambiri. Kopa akakumana ndi mpweya komanso chinyezi amada, kenako amachita zobiriwira. Zobiriwirazo sizidutsitsa bwino magetsi. Magetsi akamadutsa mokakamiza, pamalopo pamatentha, ndipo mphamvu yofika kunyali kapena kusitata imachepa. Galimoto zing'onozing'ono ndi njinga zamoto zambiri zimayendera mavoti 12 okha, choncho ngakhale voti imodzi ikatayika panjira, nyali imafooka. Babu imodzi ya mawati 55 imakoka maampu pafupifupi 5, pamene sitata ya galimoto imakoka oposa 100. Mfundo yadzimbiri panjira ya magetsi ochuluka chotere imasungunula pulasitiki, ndipo pafupi pakakhala petulo, moto subwera mochita kuodira.

Choopsa china n'chakuti madzi akalowa pamfundo, sakhala pomwepo. Amayenda m'kati mwa waya monga momwe parafini amakwerera pachingwe cha koloboyi. N'chifukwa chake munthu amatha kusenda waya kutali ndi pamene panalumikizidwa n'kupeza kopa atada kale.

Kumapiri kuno adani a waya ndi ambiri. Mvula imagwa kuyambira cha mu November mpaka April, ndipo ikatha, nkhungu ndi mame a mu June ndi July zimalowa m'malo, makamaka kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi. M'chilimwe fumbi limadzaza m'mapulagi, n'kusanduka matope osunga chinyezi mvula ikabwera. Mabampu a misewu yafumbi amagwedeza mfundo mpaka tepi kumasuka. Enanso amatsukira galimoto ndi njinga kumtsinje, n'kumakhuthulira ndowa yathunthu painjini.

Koma mdani amene ambiri samuganizira ndi feteleza. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a ulimi, ndipo nyengo ya dzinja ikamayandikira, pikapu, malole ndi njinga zamoto zimasenza matumba a Urea ndi NPK. Feteleza amakoka chinyezi, ndipo akasungunuka amadya chitsulo ndi kopa mofulumira. Timibulu totayikira m'bodi timatsika ndi madzi n'kukafika pamawaya a nyali zakumbuyo. Aliyense amene anaonapo momwe khasu losiyidwa pafupi ndi thumba la feteleza limachitira dzimbiri angamvetse zimene zimachitikira waya.

Tsono funso ndi lakuti, munthu wa ndalama zochepa apulumutse pati, ndipo asaumire pati? Yankho n'lakuti zipangizo zogwirira ntchito zikhoza kukhala zotchipa, koma zinthu zotsala pagalimoto zisakhale zachinyengo. Tesita ya babu, yomwe munthu angadzipangire ndi babu yaing'ono ndi mawaya awiri, imaonetsa ngati magetsi akufika. Kachipangizo koyezera ka multimeter, ngakhale kotchipa, kamauza mwini galimoto kuti batire yodzaza ili pa mavoti 12.6 injini itazima, ndipo pafupifupi 14 injini ikulira. Pulayala yofinyira timitu ta mawaya, sipanala ya 10, kampeni ndi sandipepala n'zokwanira pantchito zambiri. Anthu a siteji imodzi akhoza kusonkherana n'kugula zimenezi, monga momwe amasonkherana mnzawo akagwa m'mavuto.

Pamene sipayenera kuumiridwa ndi pawaya. M'misika muli waya wooneka ngati kopa, koma m'kati ndi aluminiyamu wongokutidwa pamwamba. Akampala ndi mpeni amaoneka woyera. Aluminiyamu amadutsitsa pafupifupi magawo 6 mwa 10 a magetsi amene kopa wofanana naye kukula amadutsitsa, amathyoka msanga, ndipo akanyowa pamene wakhudzana ndi kopa amafumbutuka ngati ufa. Waya wakale wochotsedwa m'galimoto yophwasulidwa, bola kopa wake akuwala, amaposa waya watsopano wotere.

Fyuzi nayo si yochitira masewera. Ntchito yake ndi kupsa kuti waya asapse. Pamafyuzi amapazi awiri, yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Kuika yaikulu pamalo pa yaing'ono, kapena kulowetsa waya kaya kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ndi kuchotsa mlonda pakhomo. Ndipo chilichonse chowonjezera, kaya nyali za LED, wailesi kapena potchajira foni zimene akabaza amakonda, chiyenera kukhala ndi fyuzi yakeyake pafupi ndi batire.

Kulumikiza kwabwino sikulira sukulu yaitali. Poyamba munthu amasule waya wa negative pabatire, ndipo pobwezera ukhale womalizira. Adule waya wodawo mpaka pamene kopa akuwala, alowetse m'kamutu n'kufinya zolimba, kenako akoke kuti aone ngati wagwira. Pamwamba aveke heat shrink, kapaipi kapulasitiki kamene kamafota kakamva kutentha; komwe kali ndi guluu m'kati ndi komwe kamatsekereza madzi. Wofuna kuwotcherera ndi mtovu asagwiritse asidi wa okhoma ndowa, chifukwa wotsalira amadya waya. Akumbukirenso kuti powotcherera pamauma gwa, ndipo pamathyoka ngati sipanamangidwe bwino.

Mfundo ikatha, imangiriridwe kuti isalendewere kapena kukhulana ndi chitsulo, ndipo ikhale pamwamba, waya atapindikira pansi kuti madzi azidonthera kumbali. Pamene waya wa earth wamangidwa kuchitsulo cha galimoto papalidwe mpaka kuwala, pamangidwe, kenako papakidwe girizi. Timitu ta batire tikachita ufa woyera, soda wophikira therere wosungunula m'madzi amatsuka bwinobwino, bola asalowe m'kati mwa batire. Tikauma ndi kumangidwa, Vaseline pang'ono amatchinga chinyezi. M'masitolo a pa Madisi, Mvera kapena Chezi zinthu ziwirizi zimapezeka.

Ena anganene kuti zonsezi n'zokamba munthu wokhuta. Galimoto ikafa pakati pa chitunda, mdima ukugwa, anthu ali m'bodi, ndani angafunefune heat shrink? Akunena zoona. Kupota waya ndi kukulunga tepi, ngakhale jumbo kapena lekeni, kwafikitsa anthu ambiri kwawo, ndipo luso lotere ndi loyenera ulemu. Vuto limabwera pamene chongofikira pakhomo chasanduka chamuyaya. Tepi yotchipa imamatuka ikamva kutentha kwa injini, ndipo ikamatuka imasunga madzi m'malo mowatchinga. Mwini wake amadzagula batire ina, mwina alutaneta, pofuna kuchiza matenda amene akanatha ndi kamutu kamodzi ndi ola limodzi la Loweruka.

Udindo suli pa eni galimoto okha. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera amene boma linayambitsa mu 2015, angachite bwino kupititsa maphunziro a tsiku limodzi kapena awiri kumasiteji a kabaza, m'Chichewa, zipangizo zili m'manja. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards liyenera kuonetsetsa kuti waya wogulitsidwa ngati kopa ndi kopadi. Oyeza galimoto ku Road Traffic asamakhutire ndi kuyaka kwa nyali kokha popereka COF. Azisuzumiranso momwe mawaya alili. Nawo atsogoleri a masiteji, amene amadziwa kulipiritsa chindapusa wolumpha mzere, angathe kuika tsiku loyendera mawaya mvula isanayambe.

Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mwezi wa October, pamene alimi akukonza mizere ndi kufolera madenga, ndi nthawi yoti mwini galimoto kapena njinga atsegule boneti, achotse mpando, amasule tepi yakale n'kuona chimene chili pansi pake. Akapeza zobiriwira, adule, alumikize bwino ndi kutseka, mvula yoyamba isanamupeze pamtsetse usiku.