Kuuma m'kamwa si ludzu wamba

Okutobala akafika dzuwa n'kumaswa mtengo, aliyense amadandaula kuti kukhosi kwauma. Ndi nyengo imeneyi pomwe langizo lina limamveka ponseponse, m'magulu a pa WhatsApp, pa Facebook, ngakhale pa benchi podikira dokotala. Akuti kuuma m'kamwa ndi ludzu chabe, munthu angomwa madzi ambiri, ndipo zikapitirira ayamwe switi kapena kagawo ka ndimu kuti malovu abwere. Akakhala agogo amangowauza kuti ndi ukalamba, palibe chochita. Langizo limeneli ndikulitsutsa, chifukwa likuwoletsa mano a anthu amene akanathandizidwa.

Wochokera kudimba thukuta lili kamukamu, ameneyo amwe madzi, zake zithera pomwepo. Ine ndikunena za munthu amene m'kamwa mwake mwakhala mouma kwa miyezi, dzinja ndi chilimwe chomwe. Usiku amadzuka lilime litamatirira kumwamba kwa kamwa. Mbamu iliyonse ya nsima imalira madzi kuti itsike, chimanga chokazinga anachileka kalekale, ndipo akamawerenga mawu kutchalitchi milomo imamatira kumano. Dokotala wa mano akalowetsa kagalasi kake, kamakakamira kutsaya m'malo moterereka. Munthu ameneyu ngakhale amwe ndowa yathunthu, pakatha mphindi zochepa m'kamwa mumakhalanso gwa!

Chifukwa chake n'chakuti malovu si madzi. Thupi limapanga malita pakati pa 0.5 ndi 1.5 a malovu pa tsiku, ochuluka kuchokera m'tiziwalo tili pawiripawiri: kutsogolo kwa makutu, tija timatupa mwana akadwala matsagwidi, kunsi kwa nsagwada, ndi kunsi kwa lilime. N'zoona kuti magawo 99 mwa 100 a malovu ndi madzi, koma ntchito yaikulu ili m'gawo limodzi lotsalalo. Muli zonanda zimene zimakuta m'kamwa kuti muziterera. Muli zopha tizilombo. Muli mchere wa bicarbonate wozimitsa asidi, komanso calcium ndi phosphate zimene zimabwezeretsa pamene dzino layamba kusungunuka. Madzi a pa mjigo alibe zimenezi. Amangodutsa m'kamwa ngati mvula pathanthwe.

Nanga switi ija? Shuga akalowa m'kamwa, tizilombo ta pa mano timamusandutsa asidi m'mphindi zochepa. Muyeso wa asidi wotchedwa pH ukatsika kufika pa 5.5, chikutiro cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka. Kwa munthu wa malovu okwanira, asidiyo amazimitsidwa pakatha theka la ola kapena ola. Kwa wouma m'kamwa amakhalitsa, ndipo switi yachiwiri imalowa yoyamba isanathe ntchito yake yowononga. Woyamwa switi pogona ndiye amadzipweteka kwambiri, poti tikagona malovu amatsala pang'ono kulekeratu kutuluka. Ndimu, bwemba ndi malambe zimadzutsadi malovu, koma nazonso ndi asidi. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zili ndi ziwiri zonse, shuga ndi asidi. Zotsatira zake madokotala a mano amazidziwa bwino: kuwola kozungulira tsinde la dzino, pafupi ndi nkhama, ngakhale pa mano a kutsogolo a m'munsi amene mwa anthu ambiri sawola wamba. M'kamwa mumabweranso zoyerayera pa lilime ndi m'masaya, ming'alu m'mbali mwa milomo, fungo, ndipo wa mano oikirira amapeza kuti sakugwiranso.

Za ukalamba, tisanamizire zaka. Ukalamba pawokha umachepetsa malovu pang'ono chabe. Chimene chimachuluka munthu akamakula ndi mapilitsi, ndipo mankhwala mazanamazana amaumitsa m'kamwa. Sitikunena za mankhwala achilendo ayi. HCT wa BP, amene anthu ambiri m'dziko muno amayambira, ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi furosemide. Amitriptyline, amene amaperekedwa kwa odandaula kutentha ndi dzanzi m'miyendo, ndi wodziwika kwambiri pa khalidwe limeneli. Piriton wa chimfine ndi zidzolo, amene timagula pa okala osaganiza kawiri, nayenso ali momwemo. Onjezerani Buscopan, chlorpromazine, tramadol ndi morphine. Agogo amene akumwa atatu mwa amenewa nthawi imodzi, n'kuwauza kuti ndi ukalamba, ndi kuwatsekera chitseko cha thandizo.

Nthawi zina kuuma m'kamwa ndi mthenga wa matenda. Shuga wokwera m'magazi amayamba choncho, pamodzi ndi kukodza pafupipafupi. Tangoganizani munthu wotere akumvera langizo loyamwa maswiti. Kachilombo ka HIV kamatha kutupitsa tiziwalo ta malovu. Odwala khansa ya m'mutu kapena m'khosi akawotchedwa ndi makina a radiotherapy, tiziwaloti timapsa nawo, kawirikawiri osachiranso. Palinso nthenda imene dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, anaifotokoza mu 1933, pamene chitetezo cha thupi chimaukira tiziwalo ta malovu ndi ta misozi. Odwala 9 mwa 10 alionse ndi amayi. Ndi nthenda imene inachititsa katswiri wa tenisi Venus Williams kusiya mpikisano wa US Open mu 2011. Kodi iye uja anasowa madzi akumwa?

Koma nawonso ogulitsa timabotolo musawakhulupirire msanga. Masiku ano kuli malovu ochita kupanga, ena opopera, ena opaka ngati mafuta, ena ovumata, ndipo otsatsa amalankhula ngati apeza mankhwala ochiza. Zambiri mwa izi ndi madzi osakaniza ndi zonanda monga carboxymethylcellulose kapena xanthan gum. Zimanyowetsa, zimachepetsa ululu, zimathandiza munthu kugona, makamaka zopaka zija usiku. Kwa amene tiziwalo take tinapsa ndi radiotherapy ndi mpumulo weniweni, ndipo sindikuzinyoza. Koma sizidzutsa tiziwalo takufa, ndipo zimatha mphamvu msanga munthu akangomeza kangapo. Mu 2011 bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku 36 wa zopaka, zopopera ndi zotafuna zoterezi, ndipo silinapeze umboni wamphamvu woti pali chimodzi chothetsadi vutoli. Zina zili ndi asidi, monga Glandosane, motero amene akadali ndi mano ake amalangizidwa kuzipewa. Saliva Orthana amapangidwa ndi zonanda zochokera ku nkhumba, zimene Msilamu kapena wa Seventh Day ayenera kuuzidwa asanagule. Pamenepa sitinatchule mtengo, poti zonsezi n'zochokera kunja. Mankhwala ovumata okhala ndi mowa, aja amaluma n'kumveka ngati akugwira ntchito, amangowonjezera kuuma.

Amene tiziwalo take tikadali ndi moyo, chimene chimamuthandiza n'chotchipa: chingamu chopanda shuga. Kutafuna kumatulutsa malovu ake enieni, okhala ndi zonse zija. Kuli mapilitsi a pilocarpine, amene anavomerezedwa ku America mu 1994 kwa odwala khansa, koma amatulutsa thukuta kwambiri ndipo sayenera aliyense, makamaka a mphumu. Amenewo ndi a dokotala. Madzi amwedwe, inde, pang'onopang'ono tsiku lonse, kapu ikhale pambali pa mphasa, ndiwo zikhale za msuzi. Therere pano ndiye bwenzi. Fodya ndi mowa achepe kapena alekeke. Ndipo pamene malovu sakuteteza mano, fluoride alowe m'malo: kutsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala a mano olembedwa 1450 ppm pa chubu, kulavula thovu, osachukucha ndi madzi pambuyo pake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kuno dzino likawola, mathero ake kawirikawiri ndi kuzula. Sukulu yathu yoyamba yophunzitsa madokotala a mano inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Madokotalawo akadali ochepa. Choncho funso loti m'kamwa mukuuma kodi liyenera kuchokera kwa amene amaona odwalawa mwezi ndi mwezi: ku kiliniki ya BP ndi shuga, ku ma ARV, pa windo lolandirira mankhwala.

Inu amene m'kamwa mwanu mwauma kwa masabata angapo, musasiye mankhwala a BP kapena ena alionse mwa nokha. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi onse, ngakhale aja a pa okala, mukawaonetse adokotala ndi kuwauza pamene kuumako kunayambira. Pemphani akuyezeni shuga. Nthawi zambiri pamakhala mankhwala ena olowa m'malo, kapena amasintha mlingo ndi nthawi yomwera, ndipo pochoka pamenepo mudzere ku chipinda cha mano akaone m'tsinde mwa mano anu kusanayambe kupweteka.