Kompyuta Siidziwa Kuti "Sindiopa" Si "Ndimaopa"

Teremu yathayi ndinapempha ophunzira anga a Fomu 3 kuti alembe papepala, osaika dzina, chimene chimawavuta pa Physics. Ena analemba m'Chichewa, ena m'Chiyao, ena m'Chingelezi. Kuno ku Domasi zilankhulo zitatuzi zimakhala pa desiki imodzi.

Mayankho otere si manambala oti muwaphatikize. Ofufuza amawatcha qualitative data, ndipo ntchito yake ndi kuwerenga chiganizo chilichonse n'kuchiika chizindikiro: ichi chikunena za mantha, ichi za masamu, ichi za kusowa kwa zipangizo mu labu. Ntchitoyi amaitcha coding, koma si coding ija yolemba mapulogalamu ayi. Pali mapulogalamu a pakompyuta othandiza pa zimenezi. NVivo inachokera ku pulogalamu imene Tom ndi Lyn Richards anaiyamba ku Australia mu 1981, ATLAS.ti inabadwira ku Berlin, ndipo palinso zaulere monga Taguette ndi QualCoder.

Ine ndinagwiritsa ntchito ina, dzina lake tilisiye. Nditaiuza kuti iwerenge mawu amene akubwerezedwa kwambiri, inatenga "ndimaopa", "timaopa" ndi "kuopa" ngati mawu atatu osagwirizana. Nditasaka "opa", inandibweretseranso "sindiopa", mwana wolimba mtima n'kumuika m'gulu la amantha! "M'kalasi" inawadula pakati, "m" kwake, "kalasi" kwake. Koma chimene chinandiseketsa ndi "mphamvu". Inu mukudziwa kuti pa mayeso a MANEB, force, energy ndi power ndi zinthu zitatu zosiyana, china chimayezedwa mu newton, china mu joule, china mu watt. M'mayankho a anzanu zonsezi zinali "mphamvu", ndipo kompyuta inaziunjika pamodzi. Apa sindiiimba mlandu kwenikweni, chifukwa ngakhale ine ndinayenera kuwerenga kawiri.

Mnzanga wina mu staffroom anati, "Aphunzitsi, zinthu zimenezi sanapangire ife, ingozisiyani." Ine sindikuvomereza. Taganizirani ayironi yamagetsi. M'kati mwake muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zofutukuka mosiyana. Kakatentha kwambiri kamapindika n'kudula magetsi, kakazizira kamawalumikizanso. Imeneyo ndiye feedback: zotsatira zimabwerera kukawongolera chimene chikuchitika. Chotsani kachitsuloko, yunifomu yanu ipsa. Opanga mapulogalamu nawonso amakonza zimene ogwiritsa ntchito awauza. Ngati amene amawalembera ndi olankhula Chingelezi ndi Chijeremani okhaokha, adzadziwa bwanji kuti m'Chichewa kukana kumabisala m'kati mwa mneni, mu "si" wam'ng'ono uja?

Komabe opangawo ali ndi mbali yawo. Fomu yofunsa maganizo imakhala pa intaneti, m'Chingelezi, ndipo imadya bandulo. Amene amayankha ndi okhala ndi netiweki yabwino, choncho zimene amamva n'zopendekera mbali imodzi, ngati kuyeza kutentha kwa chigwa chonse cha Domasi thermometer ili pamwamba pa phiri la Zomba. Akufuna kumva za ife, afunse m'njira imene tingathe kuyankha.

Dandaulo lothandiza limalembedwa ngati lipoti la practical. Mumanena chimene munachita, chimene mumayembekezera, chimene chinachitika, ndi chitsanzo chimodzi choti wina athe kubwereza yekha. Kungolemba kuti "pulogalamu yanu ndi yachabechabe" sikukonza kanthu. Ndipo musamatumize mayankho enieni a anzanu. Pekani ziganizo zanu zofanana nazo.

Ine langa ndinatumiza sabata yatha, ndi zitsanzo za "opa" ndi "m'kalasi". Yankho silinabwere. Lachisanu ku kalabu ya sayansi, aliyense abwere ndi mawu asanu a Chichewa kapena Chiyao amene akuganiza kuti angasokoneze kompyuta. Tidzawayesa pa laputopu yanga, magetsi akadzakhalapo, n'kulemba lipoti lachiwiri.