Ophunzira Asiye Kuseka Osoka Zovala Zamakedzana

Chaka ndi chaka, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, anthu zikwizikwi amamanga misasa, kuvala mikanjo ya m'zaka za m'ma 1300, kuphika pa nkhuni ndi kuchita nkhondo yoyerekeza yotchedwa Pennsic. Ambiri ndi a bungwe la Society for Creative Anachronism, lomwe lidayamba mu 1966 ku Berkeley ngati masewera a kuseri kwa nyumba. Pakati pa ophunzira a m'mayunivesite alipo ambiri amene akamva zimenezi amangoti ndi masanje a anthu okhuta. Chipongwe chimenechi n'chaulesi, ndipo chimabisa umbuli wa wonyozayo.

Pali nzeru zina zimene sizikhala m'buku. Ku Royal Armouries mumzinda wa Leeds kuli mpukutu wotchedwa I.33, wa cha m'ma 1300, buku lakale koposa onse odziwika ku Ulaya ophunzitsa kumenya ndi lupanga. Katswiri wa Chilatini angathe kumasulira mawu ake onse, koma zithunzi zake zimaonetsa chiyambi ndi mathero a kachitidwe, osaonetsa zapakati. Phazi lidapita kuti? Thupi lidatsamira mbali iti? Oyankha mafunso otere ndi anthu amene amati akaweruka kuntchito amatola lupanga ndi kachishango n'kuyesa mpaka mkono kuwawa. Ndi anthu omwewa amene amavala malaya achitsulo, olemera makilogalamu 20 kapena 25, n'kuthamanga nawo, kugwa ndi kudzuka okha. Bodza loti msilikali wovala zitsulo ankachita kukwezedwa pa hatchi ndi chingwe, lomwe filimu ya Laurence Olivier ya Henry V idafalitsa mu 1944, limatha msanga munthu akaona ndi maso.

Umboni wolemera kwambiri uli ku Guédelon, m'dera la Burgundy ku France. Kuyambira 1997 amisiri akhala akumanga linga lachifumu ndi zida ndi njira za m'zaka za m'ma 1200: miyala yosema pamanja, laimu wotentha okha, zingwe zopota okha. Poyamba zinkaoneka ngati zokopa alendo chabe. Koma tchalitchi cha Notre-Dame chitapsa mu 2019, funso lidali lakuti ndani akudziwabe kusema mitanda ya denga ndi nkhwangwa monga ankachitira akale. Ena mwa odziwawo adali amisiri amene adaphunzira ntchito ku Guédelon, ndipo tchalitchicho chidatsegulidwanso mu Disembala 2024. Amene ankaseka sadapepese.

Chodandaula chenicheni chilipo. Mu 2017 ku Charlottesville, otsata tsankho adaguba atanyamula zishango zokhala ndi zizindikiro zamakedzana, pofuna kunena kuti Ulaya wakale adali wa azungu okhaokha. Komatu bodza limeneli limagonja kwa munthu wokonda kufufuza tinthu ting'onoting'ono. Wosoka amene akufuna kudziwa kavalidwe ka msilikali wa m'ma 1240 sachedwa kufika pa chosema cha Maurice Woyera ku Magdeburg, ndipo nkhope imene amapeza m'chisoti chaunyolocho ndi ya munthu wakuda. Wosema akafunsa kumene amisiri a ku Paris ankapeza minyanga yosemera tizithunzi ta Maria, yankho limamufikitsa kwa njovu za ku Africa.

Ophunzira a kuno kum'mwera ndiwo sayenera kuseka n'komwe. M'manda a ku Ingombe Ilede ku Zambia, omwe adapezeka mu 1960, mudatuluka mitanda yamkuwa ndi zidutswa za nsalu. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankaluka nsalu zathonje za machila, zomwe zinkayenda malonda m'mbali mwa Zambezi. Zolemba za izi zilipo, ndipo ophunzira amazitchula pa mayeso. Koma ndi angati mwa olemba za machila amene adapotapo ulusi, kuti adziwe masiku amene nsalu imodzi inkadya, ndi chifukwa chake inkayesedwa chuma? Agogo odziwa kupota akutha m'midzi, pamene dipatimenti ya mbiri ikudikira ndalama za msonkhano wina.